Sikelo Yosanama

Tsiku lina chakumapeto kwa mwezi, mwini kampani imene ndinkagwirako ntchito ku Kwekwe anandiitanira mu ofesi yake n'kundiuza kuti, "Achimwene, mundipezere chida chowerengera mizere ya code, koma chikhale chosanama." Achimwene ndi dzina limene anzathu achishona amatiitanira ife ana ndi adzukulu a anthu ochokera ku Malawi. Ena amalitchula monyoza, ena mwachikondi. Bwana wathuyu ankalitchula mwachikondi, ndipo pempho lake linali la munthu wofuna kuchita chilungamo. N'chifukwa chake nkhaniyi imandisautsabe mpaka lero.

Kampaniyo inali yaing'ono, ya anthu asanu. Tinkalemba pulogalamu ya pakompyuta yothandiza eni zigayo zoperera miyala ya golide. Kuno ku Midlands, kuyambira ku Kwekwe, kudzera ku Shurugwi mpaka ku Mberengwa, anthu ambiri amakumba golide paokha, ndipo timawatcha makorokoza. Miyala akaikumba amapita nayo kuchigayo, ndipo kumeneko kumafunika kulemba: wabweretsa ndani, miyala yolemera bwanji, walipira zingati, golide watuluka magalamu angati. Pulogalamu yathu inkasunga zonsezi. Olemba tinalipo atatu: ine, mnyamata wina wa ku Redcliff, ndi mtsikana wina amene anali atangomaliza maphunziro ake ku Gweru. Awiriwa ankalandira malipiro ofanana, ndipo mnyamatayo anali atayamba kudandaula kuti iye amalemba zambiri koma pakutha pa mwezi envulopu imakhala chimodzimodzi. Bwana anaganiza zothetsa mkanganowo ndi nambala. Aliyense azilandira ndalama yapamwamba malinga ndi mizere imene wawonjezera pa pulogalamu mwezi umenewo. Chinatsala ndi kupeza chowerengera.

Pulogalamu ya pakompyuta imalembedwa m'mizere ngati kalata. Mizere ina ndi malangizo amene kompyuta imatsatira, ndipo imeneyo ndiyo code yeniyeniyo. Ina ndi ndemanga, mawu amene wolemba amasiyira mnzake wodzawerenga m'tsogolo, ndipo kompyuta imangoidumpha. Ina ndi yopanda kanthu, yongolekanitsa ndime kuti maso apume. Zida zowerengera mizereyi zilipo zambiri, ndipo n'zaulere. Chakale kwambiri ndi wc, kachida ka m'makompyuta a Unix kuyambira m'zaka za m'ma 1970, kamene kamangowerenga zizindikiro zotsekera mzere osasamala zimene zalembedwamo. Pali cloc, chimene analemba Al Danial m'chilankhulo cha Perl, chodziwika kwambiri pa zonsezi. Pali tokei, cholembedwa mu Rust, ndi scc cha Ben Boyter, cholembedwa mu Go. Ziwirizi n'zatsopanopo ndipo zimathamanga kuposa cloc. Ndinkaganiza kuti ntchito yanga ndi ya madzulo amodzi: kuziyendetsa zonse pa pulogalamu yathu, kuona chimene chikuphonya, n'kusankha chimene chatsala.

Manambala amene anatuluka sanagwirizane. Kuti ndidziwe cholakwa chili pati, ndinalemba kafayilo kakang'ono koti ndikhoza kukawerenga ndi chala, ka mizere 12 m'chilankhulo cha Python. Mizere 5 inali malangizo, 2 yopanda kanthu, 1 ya ndemanga wamba, ndipo 4 inali mawu ofotokoza ntchito ya kachigawoko, amene olemba Python amawatcha docstring. Chida cha wc chinati mizere ndi 12. Nditachotsa chizindikiro chotsekera mzere womaliza, osasintha liwu ndi limodzi lomwe, chinati 11. Chida cha cloc chinati mizere ya code ndi 5. Cha tokei chinati ndi 9. Kafayilo kamodzi, koti mwana wa sitandade 1 akhoza kukawerenga, kanali ndi mayankho anayi.

Kusiyana kwa 5 ndi 9 kunali pa docstring ija. Ngati sunachiuze zina, cloc chimatenga docstring ngati ndemanga, pamene tokei chimaitenga ngati code. Ndipo zonse ziwiri zili ndi chifukwa chomveka. Docstring amalembera munthu, choncho ndi ndemanga. Koma Python siitaya monga imatayira ndemanga wamba. Imaisunga mkati mwa pulogalamu ikamayenda, ndipo pulogalamuyo ikhoza kuiwerenga ndi kuionetsa, choncho ndi mbali ya code. Panalinso kusiyana kwina kwa mtundu womwewu. Mafayilo awiri akakhala ofanana ndendende, cloc chimawerenga imodzi yokha. Zida za tokei ndi scc zimadumpha mafayilo amene mwini pulogalamu anawalemba pa mndandanda wa zosafunika kusungidwa, pamene cloc chimawawerenga pokhapokha utachiletsa.

Apa ndinaona kuti mawu oti kulondola ankabisa zinthu ziwiri zosiyana. Pali kuphonya kwenikweni. Mwachitsanzo, chida chikhoza kusokonezeka ndi chizindikiro cha ndemanga chimene chapezeka mkati mwa mawu oti asindikizidwe, n'kutaya mizere imene sichinayenera kutaya. Mwini cloc amavomereza yekha vuto limeneli m'malangizo a chidacho. Kuphonya kotere kumakonzeka, ndipo pa pulogalamu yathu kunali kochepa. Kusiyana kwakukulu kunachokera ku funso limene chida sichingayankhe, loti mzere ndi chiyani. Mu 1992, Robert Park wa ku Software Engineering Institute ku Pittsburgh anatulutsa lipoti lathunthu la mmene anthu angawerengere mizere ya mapulogalamu, ndipo pakati pake panali mndandanda wa mafunso oti wowerenga ayambe wayankha: ndemanga zilowe kodi, mizere yokopera kwina ilowe kodi, yolembedwa ndi makina ilowe kodi, tiwerenge mizere monga ikuonekera papepala kapena malangizo amene ali m'mizeremo. Kunena kwina, munthu amayamba wasankha, kenako chida n'kuwerenga zimene munthuyo wasankha.

Usiku umenewo ndinakumbukira ndodo ya agogo anga aamuna. Iwo anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Anzawo ena analembetsa kwa Mthandizi, ena kwa Wenela n'kupita ku Joni, koma iwo anayenda selufu, kudutsa ku Tete, mpaka anapeza ntchito pa kamgodi kena ka golide pafupi ndi Selukwe, tauni imene lero ndi Shurugwi. Malipiro a masiku amenewo ankayendera tikiti. Tikiti imodzi inali ya mashifiti 30, ndipo tsiku lililonse munthu akagwira ntchito ankamudindira kamodzi. Lamulungu silinkawerengedwa, tsiku lodwala silinkawerengedwa, choncho mwezi wa tikiti unali wautali kuposa mwezi wa kumwamba. Wolemba mbiri Charles van Onselen anafotokoza moyo wa m'makomboni a migodi ya Southern Rhodesia wa pakati pa 1900 ndi 1933 m'buku lake lotchedwa Chibaro, la mu 1976. Agogo anafika zaka zimenezo zitadutsa, koma tikiti anaipeza ilipobe.

Pa kamgodi kameneko ankaboolabe mwala ndi nyundo ndi chitsulo, kukonza maenje oikamo zophulitsira. Pomaliza shifiti kapitawo ankabwera ndi ndodo yake n'kuilowetsa m'bowo. Ikalowa mpaka pachizindikiro, tikiti inkadindidwa. Ikapanda kufika, tsikulo linkapita pachabe, ngakhale munthu atamenya mwala kuyambira m'mamawa. Agogo ankakayikira kuti ndodoyo ndi yaitali kuposa mmene lamulo la pamgodipo linkanenera. Anapempha mnzawo wina wopala matabwa kuti awadulire ndodo yawoyawo pa muyeso weniweni, ndipo tsiku lina kapitawo atasiya yake pakhomo la sitolo, anakaziyerekeza. Zinali zofanana ndendende. Nkhaniyi ankaikamba kawirikawiri tili ana, ndipo pofika apa ankaseka. "Ndodo sinkanama, mdzukulu wanga," ankatero. "Koma ndodo sinkadziwa kuti mwala wina ngolimba kuposa unzake. Ndipo wogawa malo oboola anali yemweyo wogwira ndodo."

Sikelo yonama tonse timaidziwa ndipo tili ndi dzina lake: kuba. Wogulitsa chimanga amene anakhomera mkati pansi pa ndowa yake, wogula golide amene anasokoneza sikelo yake kuti izichepetsa, amenewa ukawagwira mlandu ndi wosavuta. Chovuta ndi sikelo yosanama imene ikuyeza chinthu china osati chimene tikufuna kudziwa. Pamenepo palibe wabodza woti n'kumuloza chala. Kapitawo akhoza kulumbira kuti ndodo yake ndi yolondola, ndipo akunena zoona. Wovulazidwayo amasowa ponena, chifukwa nambala ili poyera ndipo iye mwini akuivomereza. Choipacho chinachitika kale, nthawi imene munthu wina anasankha kuti tsiku la ntchito ndi kuya kwa bowo, ndipo kusankhako sikuonekanso chifukwa kwabisala mkati mwa ndodo.

Agogo pambuyo pake anasamukira ku Shabani, kumene mu 1982 kunasinthidwa dzina kukhala Zvishavane, ndipo ine ndinabadwira komweko, ku Kandodo. Aliyense wokulira m'tauni imeneyi amadziwa mapiri otuwa a zinyalala za mgodi wa asibesitosi amene amaonekera patali usanalowe m'tauni. Mapiriwo ndi mwala umene unakumbidwa, kukwezedwa, kuyezedwa ndi kulembedwa m'mabuku, koma chimene ankafuna chinali ulusi wochepa umene unali mkati mwake. Munthu wa kumigodi sasokoneza matani a mwala ndi chuma chimene chili m'mwalamo. Ngakhale korokoza amene sanapite patali ndi sukulu amadziwa kuti ngolo khumi za mwala wosauka zimaposedwa ndi thumba limodzi la mwala wabwino, ndiponso kuti ngolo khumizo zimamudyera ndalama yonyamulira ndi yoperetsera. Mizere ya code ndi matani. Edsger Dijkstra, katswiri wa ku Netherlands, ananenapo mu 1988 kuti ngati tikufuna kuwerenga mizere, tiziiwerenga ngati ndalama imene tawononga, osati ngati katundu amene tapanga. Mzere uliwonse wina adzayenera kuuwerenga, kuusamala ndi kufufuzamo zolakwika.

Ku Shabani agogo anasiya nyundo n'kukhala woika mitengo yochirikiza denga la mgodi. Ntchito imeneyi situlutsa tani ndi imodzi yomwe. Wogwetsa miyala yolendewera anthu asanalowe, woika mitengo, wopopa madzi, onsewa ukawayeza ndi matani amaoneka ngati alesi. Phindu lawo ndi ngozi imene sinachitike, ndipo chinthu chimene sichinachitike chilibe poikira ndodo. Pa ntchito yathu ya mapulogalamu ziliponso zotere: kufotokoza, kuyesa, kufufuta zobwerezabwereza. Nkhani yodziwika ndi ya Bill Atkinson wa ku kampani ya Apple. Mu 1982 oyang'anira gulu lopanga kompyuta ya Lisa ankafuna kuti aliyense azilemba pafomu mizere imene walemba sabata imeneyo. Atkinson anali atalembanso chigawo china cha QuickDraw kuti chizithamanga kwambiri, ndipo potero anachifupikitsa ndi mizere pafupifupi 2,000. Pafomupo analemba kuti -2000.

Mtsikana wa ku ofesi kwathu mwezi umenewo anali atagwira ntchito ya woika mitengo. Anapeza kuti pulogalamu ikalandira kulemera kwa golide kuchokera pasikelo, inkadula manambala akumapeto m'malo mowayandikizitsa, moti magalamu 2.38 inkawalemba 2.3. Makorokoza amagulitsa golide pa muyeso umene amautcha point, gawo limodzi mwa magawo khumi a galamu. Chimene chinkatayika paulendo umodzi sichinkakwana point imodzi, koma nthawi zonse chinkatayikira mbali imodzi, ya wokumba. Palibe amene anachita dala. Linali dzanja la wolemba wina wakale amene sanaganizepo bwino. Mtsikanayo anakonza vutoli posintha mzere umodzi. Kenako analemba docstring yaitali yofotokoza chifukwa chake, kuti wina asadzabwezeretse cholakwacho, ndipo anachita chimodzimodzi m'zigawo zina zonse zokhudza ndalama ndi kulemera. Anapezanso zigawo zitatu zofanana pafupifupi m'zonse, zolembedwera zigayo zitatu, n'kuziphatikiza kukhala chimodzi.

Nditayendetsa zida pa ntchito yake, cloc chinaonetsa kuti mizere ya code yachepa m'malo mochuluka. Malinga ndi lamulo la bwana, sakanalandira kanthu. Koma tokei, chifukwa chowerenga madocstring aja ngati code, chinamukweza mpaka pamlingo wolandira ndalama yokwana lendi ya chipinda chake. Mnyamata uja zida zonse zinkamupatsa zambiri, chifukwa anali atalemba masamba atsopano a malipoti. Ndiye ndinali nditagwira ndodo ya kapitawo m'manja mwanga. Ndikanatha kupita kwa bwana n'kunena kuti tokei n'chatsopano, n'chothamanga, ndipo ndachiyesa. Mawu onsewo akanakhala oona. Bwana sakanafufuza. Mtsikanayo akanalandira ndalama imene ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndi yake.

Funso langa m'nkhani ino ndi limeneli: kodi n'kololeka kupendeketsa sikelo mobisa ngati ukuipendeketsera ku chilungamo? Ndinalimbana nalo masiku awiri. Mbali ina ya mtima inkati muyeso wonsewo ndi wopanda nzeru kale, choncho kusankha chida chimene chikuchepetsa kupanda nzeruko si tchimo. Inkatinso palibe amene akuluza, chifukwa mnyamatayo alandira zake zonse. Inkatinso kukana kuthandiza munthu pofuna kuti manja ako akhale oyera ndi kudzikonda kovala jekete la chilungamo. Mfundo zimenezi sindiziona ngati zopepuka ngakhale lero.

Chimene chinandibweza chinali mnyamata uja. N'kosavuta kumujambula ngati wadyera amene amachulukitsa mizere dala, koma sanali wotero. Anakulira ku Redcliff, tauni imene fakitale yake ya zitsulo inaima mu 2008, ndipo anaphunzira ali mwana kuti lonjezo lapakamwa silidyetsa. Ankafuna nambala chifukwa ankaopa kukondera. Ankaona kuti ine ndi mtsikanayo timacheza m'Chichewa, popeza agogo ake aakazi anali a ku Ntcheu, ndipo ankadziwa kuti bwana amamva zanga. Kwa munthu amene alibe wom'nenera, nambala ndi mboni yokhayo imene angaiitane. Ndikanasankha tokei mobisa, mantha ake akanakhala oona ndendende: wogwira ndodo wakondera wakwawo. Kuti wakwawoyo analidi woyenera sizikanasintha mtundu wa chimene ndachita.

Agogo omwe, ngakhale ankadandaula za tikiti, sankafuna kuti ithe. Asanafike kumgodi anagwirapo ntchito pafamu ina kumene kunalibe tikiti, ndipo malipiro ankadalira zimene mwini famu wakumbukira. Kumgodi ankasunga chitini cha fodya, ndipo tsiku lililonse limene awadindira ankaponyamo kamwala. Tsiku lina kalaliki anawauza kuti atsala ndi mashifiti awiri kuti tikiti ikwane. Iwo anakhuthula chitini patebulo, timiyala 30, ndipo atafufuza m'buku anapeza kuti kalalikiyo ndiye anadumpha. Kuwerenga kunawapweteka pa ndodo, koma kunawapulumutsa pa chitini. Kusiyana kwake n'koti pa chitini iwonso ankatha kuwerenga, ndipo lamulo la chimene chikuwerengedwa linali lodziwika kwa onse awiri. Choncho sindingagwirizane ndi anzanga amene amati ntchito ya luso isamayezedwe konse. Kumene kulibe muyeso kumalamulira nkhope, chibale ndi lilime.

Ngakhale mizere ya code ili ndi ntchito yake yoyenera. Mu 2001 David Wheeler anagwiritsa ntchito chida chake cha SLOCCount kuwerenga Red Hat Linux 7.1, n'kupeza mizere yoposa 30 miliyoni. Potsatira njira yoyerekezera mtengo ya COCOMO, imene Barry Boehm anafalitsa mu 1981, anaonetsa kuti kampani ikanati ilembe zonsezo yokha ku America ikanawononga ndalama zoposa 1 biliyoni ya madola. Pamlingo waukulu chotero, kusiyana kwa docstring kumamira, ndipo nambalayo imatiuza chinthu choona: kukula kwa chimene anthu ambirimbiri anamanga pamodzi. Wheeler analemba poyera mmene ankawerengera, ndipo palibe amene malipiro ake ankadalira yankholo. Vuto limayamba nambala yoyezera kukula kwa chinthu ikasanduka yoyezera munthu mmodzi pa mwezi umodzi. Charles Goodhart, katswiri wa zachuma wa ku Britain, anachenjeza mu 1975 kuti muyeso ukangosandutsidwa chida cholamulira, umasiya kuonetsa zimene unkaonetsa. Ukalipira anthu pa mzere, upeza mizere. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Tsiku lachitatu ndinapempha bwana kuti aitane awiri aja, ndipo ndinaika patebulo kafayilo kanga ka mizere 12 pamodzi ndi mayankho ake anayi. Ndinafotokoza kuti palibe chida chimene chikunama, ndi kuti chilichonse chili ndi tanthauzo lakelake la mzere. Ndinanenanso poyera kuti tikasankha cloc mtsikanayo salandira kanthu, tikasankha tokei alandira, ndiponso kuti kwa ine mzere umodzi umene anasintha uja unali ntchito yaikulu kuposa zonse zimene atatufe tinachita mwezi umenewo. Bwana anakhala chete kwa nthawi, kenako anati, "Achimwene, ndinakutumani sikelo, mwandibweretsera mlandu." Anati lonjezo la mwezi umenewo analipereka kale ndipo sangalisinthe ataona kale amene apindule. Anasankha cloc chifukwa ndi chimene anthu ambiri amachidziwa. Mnyamatayo analandira ndalama yapamwamba. Mtsikanayo sanalandire.

Potuluka anandipeza pakhonde. "Amalume," anatero, "mukanangonena kuti tokei." Sananene mokwiya. Ananena ngati munthu amene akuuza mnzake kuti wagwetsa chinthu. Ndinamuyankha kuti ndikanatero, mwezi wotsatira wina akanadzasankha chida china pa chifukwa chake chobisika, ndipo ife tikanasowa pomutsutsira. Iye anati zimenezo akuzimva, koma lendi ndi ya mwezi uno. Ndinamupempha kuti tigawane malipiro anga, ndipo anakana. Anati sankafuna chithandizo. Ankafuna kuti ntchito yake iwerengedwe.

Ndimakhulupirirabe kuti ndinachita choyenera, koma ndaphunzira kusalankhula zimenezi monyada. Udindo wa munthu wogwira muyeso, monga ndikuuonera, ndi kuulula kusankha kumene kwabisala m'chida chake, kuulula ntchito isanayambe, ndiponso kuulula pamaso pa amene ayezedwe, kuti nawonso athe kutenga chida chomwecho n'kudziwerengera okha. Akatero, mkangano umachoka pa nambala n'kupita pamene uyenera kukhala, pa funso loti tikufuna kulipira chiyani. Limenelo ndi funso la anthu, ndipo liyenera kukambidwa ndi anthu, mokweza. Kulakwa kwanga sikunali pa tsiku lachitatu lija. Kunali pa tsiku loyamba, pamene ndinavomera kukafuna chida chosanama osafunsa kuti chikayeze chiyani ndipo amene ayezedwe auzidwa kapena ayi. Ndikanafunsa pamenepo, lonjezo lisanakhwime, mwina mtsikanayo sakanalipira mtengo wa kuona mtima kwanga.

Mwezi wotsatira tinakhala pansi tonse anayi. Tinagwirizana kuti mizere tiziiwerengabe, ndi cloc, kuti tizidziwa mmene pulogalamu ikukulira, koma isakhudzenso malipiro. Ndalama yapamwamba inayamba kuyendera ntchito zimene tagwirizana mwezi usanayambe, chilichonse ndi kulemera kwake, zolembedwa papepala lomata pakhoma. Njira imeneyinso ili ndi mwala wolimba ndi wofewa. Wina ayenera kunena kuti ntchito iyi ndi yovuta kuposa iyo, ndipo vuto ngati la magalamu lija palibe akanaliika pa mndandanda, chifukwa palibe ankadziwa kuti lilipo. Tinasiya mzere umodzi wopanda kanthu m'munsi mwa pepalalo, wa ntchito zotulukira mosayembekezereka, ndipo za mzere umenewo tinkakangana mwezi uliwonse. Mnyamata uja ndiye ankakangana kwambiri, ndipo kawirikawiri ankakhoza.

Ndodo ya agogo inatayika kalekale. Chitini cha fodya chilipo, amayi amasungiramo singano ndi mabatani ku Kandodo. Mtsikana uja anagwira nafe ntchito chaka china chimodzi, kenako anapeza malo abwino ku Harare. Mzere umene anasintha ukugwirabe ntchito m'zigayo zimene zimagwiritsa ntchito pulogalamuyo, ndipo korokoza aliyense amene golide wake walemera magalamu 2.38 amalembedwa 2.4 osadziwa kuti panali nthawi imene sizinali choncho. Docstring yake ili pomwepo pamwamba pa mzerewo. Ndalama ya mwezi uja sanailandire.